Mpando umene unkadzutsa apongozi anga

Chaka chatha tsopano chimwalirire apongozi anga aamuna, a Gabiriyele Miti, koma anthu akubwerabe kudzafunsa za mpando wawo. Sabata yatha kunafika mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuno ku Kapata, amene amuna ake miyendo yawakana, kudzafunsa kuti mpando wamagetsi wodzutsa munthu amausankha bwanji. Ndinamulowetsa m'nyumba, ndinamuonetsa limoti youyendetsera, ndinamufotokozera za msinkhu wa pokhala. Atafunsa za chipsera chakuda chimene chili pa simenti pafupi ndi mpandowo, ndinangoti ndi mbaula. Iye atapita ndinakhala pansi, ndipo ndinaona kuti ndimunamiza aliyense wondifunsa ndikapanda kunena za mwini mpandoyo.

A Miti anali Mngoni wa m'mudzi wina kufupi ndi ku Mtenguleni, munthu wamfupi, wa chifuwa chotambalala. Ankalima chimanga ndi thonje, ndipo Misa ya Lamulungu sankaiphonya ngakhale mvula igwe bwanji. Koma chimene anthu ankawadziwa nacho ndi gule wa ngoma. Ine ndinayamba kuwaona pa Ncwala, mwambo wa pachaka wa Angoni, ndisanakwatiwe ndi mwana wawo Isaki. Anali pamzere wa kutsogolo, atavala zikopa, chishango kudzanja lamanzere, chibonga kumanja. Akakweza mwendo n'kuuponda pansi, fumbi linkadzuka mpaka m'mawondo, ndipo amayi oimba m'manja ankakuwa dzina lawo. Isaki anandigwira pamkono n'kunena monyada kuti amenewo ndiwo atate. Ine ndinachita mantha tsiku lomwelo, ndipo kunena zoona manthawo sanathe, anangosintha mtundu.

Ankakonda kunena kuti mwamuna amadziwika podzuka, chifukwa kukhala pansi ngakhale thumba la chimanga limadziwa. Ankaseka anzawo amene podzuka amayamba agwira bondo n'kubuula. Iwo, ali ndi imvi mutu wonse, ankadzuka pamphasa osagwira pansi, chikho cha thobwa chili m'manja, osataya ngakhale dontho. Akatero ankayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati alipo wawaona.

Pa nkhani ya chipongozi ndiye panalibe zokambirana. Mabanja ambiri a m'tauni muno anazisiya zimenezi, mpongozi amadyera pa tebulo limodzi ndi atate a mwamuna wake, ena amachita kupatsana moni wa padzanja. Kwa a Miti mkazi wa mwana anali munthu woopedwa. Sankanditchula dzina. Sankandiyang'ana kumaso. Kapu ya tiyi ndinkaiika pansi, ndikabwerera m'mbuyo ndiye iwo amaitenga. Tikakumana m'njira yopapatiza, ankapatukira m'tchire ngati aona njoka, ngakhale muli chisoso. Ankati kumeneko si kudana, ndi ulemu umene umasunga nyumba ya mwana, ndipo bambo amene wazolowerana ndi mpongozi wake wadzivula yekha.

Nanga polankhula? Ankalankhula ndi khoma, chitseko, mphaka, chilichonse chimene chili pafupi. Ine ndinali "eni nyumba".

"Uzani eni nyumba kuti mchere wa lero auika ndi mantha," ankatero akuyang'ana chitseko.

Nane ndinkayankha chitseko chomwecho: "Awuzeni atate kuti adokotala ndiwo aletsa mchere."

"Afunseni ngati adokotalawo akudya nawo ndiwozi."

Nkhani ya mchereyi tinakangana nthawi yaitali, ndipo chitseko chija chinamva zambiri. Isaki ankaseka mpaka misozi, ati m'nyumba mwake muli khoti lopanda woweruza. Ine nthawi zina zinkandikwiyitsa, chifukwa munthu ungakangane bwanji ndi munthu amene sakukuyang'ana? Koma ndinkadziwanso kuti akapita kumudzi, thumba loyamba la mtedza linkabwera kwa ine, atauza woyendetsa ngolo kuti ndi la chitseko cha ku Kapata.

Matenda anawagwera m'munda wa thonje. Anawapeza atagona pakati pa mizere, pakamwa patapindika. Atatuluka m'chipatala anabwera kwathu, poti apongozi aakazi anali atamwalira kale ndipo kumudzi kunali mlongo wawo yekha, azakhali a Velonika, nawonso okalamba. Mbali ya kumanzere inafooka. Akaimirira ankatha kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, kukafika kuchimbudzi ndi kubwerera. Vuto linali kudzuka kumene. Munthu uja wodzuka ndi chikho m'manja tsopano ankafuna wina womugwira m'khwapa.

Isaki amayendetsa galimoto zikuluzikulu za katundu kupita ku Mozambique, ndipo akachoka amatha masabata. Mwana wathu Tiza ali kusukulu yogonera komweko. Masana onse m'nyumba tinkatsala awiri, ine ndi iwo. Aneba athu a Sakala, owotcherera zitsulo, ndiwo ankabwera m'mawa kudzawadzutsa pabedi ndi kuwakhazika pampando, madzulo n'kudzawabwezera. Pakati ponsepo a Miti ankangokhala pamene awasiya.

Ndinazindikira mochedwa kuti aleka kumwa madzi. Kapu ndinkaipeza yodzaza monga ndinaisiyira. Ndikauza chitseko kuti atate amweko, iwo ankauza khoma kuti alibe ludzu, milomo ili gwa, yosweka. Ankaopa kuti akamwa afuna kudzuka, ndipo wowadzutsa amene alipo ndi ine.

Tsiku lina masana ndinamva mpando ukukwekwereza. Nditafika pakhomo la pabalaza ndinawapeza akudzikankha ndi dzanja lamanja, thupi litakwera theka, mwendo wofooka ukunjenjemera. Ndinali pafupi moti ndikanatambasula mkono ndikanawagwira malaya. Miyendo yanga inkafuna kupita, koma zaka zonse zija za kuika kapu pansi zinandigwira. Anapendekera kumanzere pang'onopang'ono, ine ndikuona, n'kugwera pakati pa mpando ndi tebulo. Mutu unaphonya ngodya ya tebulo pang'ono pokha. Ali pansi pomwepo anauza mwendo wa tebulo kuti eni nyumba akaitane a Sakala. Ndinathamanga wopanda nsapato ndikulira. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso pansi. Ndikamasesa, ndikamaphika, khutu linali pabalaza.

Kuchipatala, mtsikana wowongola ziwalo amene ankawaona anatiuza kuti akapitiriza kusamwa madzi impso ziwonongeka. Anandiyang'ana ine n'kufunsa kuti, "Nanga inu amayi, simungawadzutse? Si olemera awa." A Miti anayang'ana kudenga. Mtsikanayo anali wanzeru, anaona kuti waponda pamene sipapondedwa, ndipo ndi iye amene anatchula za mpando wamagetsi umene umakwera n'kupendekera kutsogolo mpaka munthu ataima pa mapazi ake, ndipo ukaufuna umagona chagada n'kukweza miyendo. Ine ndinamva ngati wanditula mtolo pamutu. Mpando ungathe kugwira apongozi popanda mlandu.

Anatilangiza bwinobwino. Munthu akakhala, mapazi azifika pansi onse, asamalendewere. Msana uzifika potsamira popanda m'mphepete mwa mpando kumudinda kuseri kwa mawondo. Usakhale wotambalala kwambiri, chifukwa munthu wofooka mbali imodzi amapendekera. Moika mikono mukhale molimba poti m'menemo ndi mogwira podzuka. Limoti ikhale ku dzanja lamphamvu, ya mabatani akuluakulu. Anatinso ulipo wa mota imodzi, umene msana ndi miyendo zimayendera limodzi, ndi wa mamota awiri, umene ungakweze miyendo yotupa munthu ali chikhalire. Koma zonsezi zinkafuna kuyamba tamuyeza munthuyo.

A Sakala anabwera ndi tepi yawo ya kuntchito. A Miti ataiona nkhope inasintha.

"Uzani a Sakala kuti munthu wamoyo samuyeza," anauza zenera, ngakhale a Sakala si apongozi awo. "Kwathu amayeza ndi bango, ndipo bangolo amapita nalo kumanda kuti adzukulu akumbe."

A Sakala anaseka, koma iwo sanaseke. Anapinda mkono wamphamvu pachifuwa, ndipo ndinaona kuti si nthabwala, akuopadi. Tepi inabwerera m'thumba. Ine ndi amene ndinakumbukira mpando wawo wamatabwa umene tinabwera nawo kuchokera kumudzi, umene mmisiri anawapangira kalekale poona msinkhu wawo. Iwo atagona, ndinautulutsa kuseri kwa nyumba n'kuuyeza ngati wakuba: kuchokera pansi kufika pokhala, kuchokera kutsogolo kufika potsamira, ndi pakati pa mikono.

Alamu anga a Rozina, mlongo wake wa Isaki amene amakhala ku Lusaka, ndiwo anapeza sitolo yogulitsa mipando yotereyi, yakale koma yochokera kunja. Anatumiza zithunzi pafoni, ndipo mkangano unayambira pomwepo. Iwo mtima unali pa mpando waukulu wakuda wachikopa, wotenthetsa msana, wokhala ndi batire yaikulu imene imadzaza yokha ndi kugwira ntchito magetsi atazima.

"Mulamu, atate avutika maningi, alekeni akhaleko ngati bwana," anatero pafoni.

Koma mpandowo unapangidwira anthu ataliatali. Poyerekeza ndi miyezo yanga, mapazi a a Miti akanalendewera ngati a mwana. Umene unkawakwana unali waung'ono, wansalu yofiirira, wa mamota awiri. Umenewu batire yaikulu unalibe. Unali ndi kabokosi ka timabatire tating'ono kunsi, ndipo wogulitsa ananena poyera kuti timeneto ndi tothawira pangozi basi, tingamudzutse munthu kamodzi kapena kawiri kenako tatha.

Tinagwira njakata. Mtsikana wa kuchipatala anati mpando wolendewetsa mapazi udzawagwetsa tsiku lililonse, pamene kuzima kwa magetsi ndi kwa apo ndi apo. Isaki anagwirizana naye. A Rozina anakwiya, koma pomaliza anati, "Chabwino, tengani kang'onoko. Malaiti sazima tsiku lonse." Tonse tinaona kuti tasankha mwanzeru, ndipo mpaka lero sindiona kuti tikanasankha bwanji mwina. Palibe amene ankadziwa kuti kukubwera chilala chija chimene chinaphwetsa madzi a kudamu lopangira magetsi, magetsiwo n'kuyamba kubwera ngati mlendo.

Mpando utafika, a Miti anatha masiku akungouyang'ana cham'mbali. Anauza khoma kuti chinthu choyenda chokha chili ndi mwini wake. Anaitanitsa madzi odalitsidwa n'kuuwaza. Isaki anayamba kukhalapo iye, kukwera ndi kutsika mpaka onse titaseka, ndiye iwo anavomera. Anawakhazika, anawapatsa limoti kudzanja lamanja. Atadina, mpando unalira pang'ono, unakwera, unapendekera kutsogolo. Maso anatong'oka, dzanja linakanirira moika mkono. Kenako mapazi anagwira simenti, ndodo inalowa m'dzanja, ndipo anaima okha popanda munthu wowakhudza. Anakhala chiimire kanthawi. Ndiye anakweza mwendo wamanja pang'ono n'kuuponda pansi, phaa, monga pa ngoma. Ine ndinathawira kukhitchini kukalira. Ndili komweko ndinamva akuuza chitseko kuti eni nyumba abweretse madzi, osati m'kapu, mu jagi.

Miyezi yotsatira inali yabwino. Thupi linabwerera, ndi mkangano wa mchere unabwerera. Koma magetsi atayamba kuzima nthawi yaitali, mantha anga anapeza pokhala patsopano. Ndinkadziwa kuti akazima a Miti atagoneka mpando chagada, miyendo ili m'mwamba, palibe njira yoti atsike kupatula mphamvu ya mabatire. Ndinayamba kukhala ngati mlonda wa babu. Ndikaona kuti nthawi yayandikira ndinkauza chitseko kuti atate awongole mpando, malaiti atsala pang'ono kuyenda. Koma nthawi yake inkasinthasintha, lero m'mawa, mawa masana. Chimene chinkanditonthoza ndi timabatire tija, poti ndinkadziwa kuti tilipo ndipo sitinagwirepo ntchito.

Lamulungu lina, ine ndili ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, kunabwera anzawo a ngoma kuchokera ku Mtenguleni kudzawazonda. Magetsi kunalibe. Koma a Miti akanalola bwanji kuti anzawo abwerere osaona mmene amadzukira? Anakwera, anatsika, wina mwa alendowo anayesako, mpaka timabatire tija tinatha, mpando n'kuleka kuyankha. Madzulo magetsi anabwera, zonse zinaoneka ngati zili bwino. Iwo ankadziwa chimene achita, koma sanauze khoma kapena chitseko, poopa kuoneka ngati mwana wosewera ndi zinthu. Ine ndinazimva pambuyo pake kwa mmodzi wa alendowo, zonse zitachitika kale.

Linali tsiku la m'nyengo yozizira, masana. Isaki anali paulendo. A Sakala, poona kuti kuwotcherera kwaima chifukwa cha magetsi, anali atapita kukagwira ganyu kumafamu a ku Madzimoyo. Anthu ambiri a mu mzere wathu anali kumaliro kutsidya kwa msewu. Miyendo ya a Miti inkazizira kwambiri chiyambire matenda, choncho ndinawaikira mbaula chapafupi monga masiku onse, bulangeti lili pamiyendo. Atadya anagoneka mpando kuti apumule. Magetsi anali akuyaka, ndipo tsiku limenelo tinkayembekeza kuti azima madzulo. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukachapa.

Sindinadziwe kuti azima, poti masana babu suliona. Ndinangomva mawu awo, odekha ngati a masiku onse:

"Uzani eni nyumba kuti kuno kwatentha."

Ndinayankha ndili chiweramire kuti awuzeni atate ndikubwera kudzachotsa mbaula, ndingotsukuluza izi. Ndinaganiza kuti ndi madandaulo a nthawi zonse. Panapita kanthawi. Kenako mawu anabweranso, odekhabe, koma akutsokomola pakati:

"Uzani eni nyumba kuti bulangeti lagwira moto."

Sindikumbukira mmene ndinafikira pakhomo. Pabalaza panali utsi wakuda, wonunkha ngati matayala. Pokweza miyendo, nsonga ya bulangeti inalendewera n'kugwera m'makala, ndipo moto unali utakwera kale n'kulowa mu siponji ya poika miyendo. A Miti anali chagada, miyendo ili pamwamba pa motowo, chala chikudina limoti mobwerezabwereza. Ndinakoka bulangeti n'kuliponya panja. Ndinamenya mbaula ndi phazi, makala anamwazika pa simenti. Ndinali ndi malaya onyowa m'manja, ndinamenya nawo moto, koma unali utalowa m'kati, ukutulukira kunsi. Ndinawalanda limoti pokoka chingwe chake n'kudina ndekha. Mpando unali zii. Ndinayesa kukankhira poika miyendo pansi ndi bondo, koma zitsulo zake sizigonja ndi mphamvu ya munthu. Ndinakuwa dzina la a Sakala ndikudziwa kuti kulibe. Ndinakuwa kuti moto, moto. Palibe anayankha.

Mwendo wa thalauza lawo unayamba kufuka. Ndinawerama.

Pamenepo a Miti anatembenuza mutu n'kundiyang'ana m'maso. Zaka zonse za ukwati wanga ndinali ndisanawaonepo maso awo chapafupi. Anali ofiira ndi utsi, ndipo munali mantha amene sindinawaonepo pa munthu wamkulu. Sankaopa moto. Ndipo mawu oyamba amene anandilankhula ine mwini, osadzera pa khoma, anali awa:

"Musandigwire."

Ndinawagwira. Ndinazimitsa thalauza ndi zikhatho zanga. Ndinalowetsa mikono m'khwapa mwawo n'kuwakokera cham'mbali, kuwadutsitsa pamwamba pa moika mkono. Anayesa kundikankha ndi dzanja lamphamvu lija, koma utsi unali utawafoola. Ndinatembenuka, ndinawagwetsera pamsana panga, ndinamasula chitenje n'kuwakulunga nacho monga tichitira ndi mwana. Chimene chinandiopsa koposa n'chakuti anali opepuka. Munthu amene ankagwedeza nthaka ya ku Mtenguleni ndinamunyamula osabuula n'komwe.

Nditatuluka panja, amayi atatu a mu mzere wathu anali akulowa pageti ndi zidebe, atamva kukuwa kuja pochokera kumaliro. Anaima. Anaona a Miti ali pamsana pa mpongozi wawo, nkhope ili pakhosi panga. Anaonanso kuti chitenje changa chanyowa kumsana, ndipo sanali madzi ochapira. Kenako anangothamangira m'nyumba kukathira moto. Ndinawatsitsa pansi pa mtengo wa mango. Anatseka maso ndipo sanawatsegule mpaka galimoto yopita kuchipatala itafika.

Bala la pamwendo linali laling'ono, linapola msanga. Manja anga anatuluka matuza, nawonso anapola. Koma a Miti anasiya kulankhula, ngakhale ndi khoma. Ndikalowa ndi chakudya ankafunda kumutu. Isaki atabwera anawachonderera, anawakalipira, anawakumbutsa kuti manyazi anapha lambe. Ansembe anabwera n'kuwauza kuti palibe tchimo pamenepa, mpongozi wawo anachita chimene Mulungu akanafuna. Azakhali a Velonika anachokera kumudzi n'kunena kuti njira ilipo, akuluakulu akhale pansi, paperekedwe nkhuku, chipongozi chithe, kuyambira pamenepo tikhale ngati bambo ndi mwana wake. Iwo anayankha mlongo wawo yekhayo. Anati zimenezo amachita anthu asanaonerane, osati pambuyo, ndipo mankhwala a manyazi otere ndi mtunda basi. Ankafuna kubwerera kumudzi.

Isaki anakonzetsa mpando, anaukutitsa nsalu yatsopano poika miyendo, anagula batire yaikulu yoti uzigwira ntchito ngakhale magetsi kulibe. A Miti sanaukhalenso. Kumudzi magetsi kulibe, choncho mpando sukanapita nawo. Ine ndinkadziwa tanthauzo lake. Kumeneko owadzutsa anali ana a azakhali, anyamata a mabanja awo, amene m'mawa amapita kumunda n'kubwera dzuwa litapendeka. Ndinkadziwa kuti adzalekanso kumwa madzi, ndipo tsiku lina adzayesa kudzuka okha. Ndinagwada pakhomo la chipinda chawo n'kuchonderera chitseko. Ndinati awuzeni atate kuti ngati vuto ndi ine, ndipita kwathu ine, iwo atsale. Ndinati awuzeni kuti ndikuopa. Chitseko sichinayankhe.

Tsiku lonyamuka, Isaki ndi a Sakala atawakweza m'galimoto, ine ndinaima patali monga mwa nthawi zonse. Galasi linali lotsitsa. A Miti anayang'ana mtengo wa mango uja kwa nthawi yaitali, kenako anauuza kuti, "Uzani eni nyumba kuti manja apole." Galimoto inanyamuka.

Anamwalira nthawi ya dzinja, Ncwala itatsala pang'ono. Zinachitika monga ndinkaopera. Anthu onse ali kumunda kukapalira, anawapeza pansi pakati pa bedi ndi khomo, fupa la m'chiuno litathyoka. Kuchipatala sanakhalitse. Pamaliro anzawo a ngoma anavina mozungulira bokosi, ndipo pamene ankaponda pansi ine ndinkangoona phazi limodzi lija pa simenti ya pabalaza panga.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinawapulumutsa kapena ndinangowachedwetsa. Ndikanapanda kuwagwira akanapsa ndikuona. Nditawagwira anathawa nyumba yokhayo imene munali chowadzutsa. Funso limeneli sindinauzepo Isaki. Koma m'mawa mwake mwa maliro, tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba ya siwa, azakhali a Velonika anakhala pafupi nane n'kunditsina pantchafu.

"Amake Tiza, mukudziwa zimene ankanena achimwene?" anatero motsitsa mawu. "Anyamatawa powadzutsa amangokoka mikono ngati akuzula chinangwa. Ndiye iwo akawakhazika, amatembenukira kukhoma n'kumati, ku Kapata kuli munthu wodziwa kunyamula. Masiku onse, mwana wanga. Amauza khoma, ngati kuti inu muli kuseri kwake."

Mbale inandipulumuka m'manja. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Mayi uja wa kutchalitchi akadzabweranso ndidzamuuza zonse, za mapazi ofika pansi, za mamota, za kuyesa mabatire kawirikawiri ndi kuika mbaula kutali. Koma ndidzayamba ndi kumufunsa kuti tsiku limene mpandowo udzakane, ndani ali m'nyumbamo, ndipo amuna akewo adzalola kuti munthu ameneyo awagwire?

Mpando uli pomwe unali, pafupi ndi zenera. A Rozina anati tiugulitse, Isaki anakana. Tsiku limene anauyesa ataukonzetsa anausiya utakwera, wopendekera kutsogolo, ndipo palibe amene anautsitsa, moti ukalowa umaona ngati munthu wangodzukapo kumene. Nsalu ya poika miyendo ndi yowala kuposa inzake. Chipsera cha makala pa simenti ndachikwecha ndi mchenga koma chakana. Pambali pa batire yaikulu pamayaka nyali yobiriwira usana wonse, kudikira ntchito imene sinabwere. Podutsa pamenepo ndimalambalala, ndipo bondo limapinda lokha mwaulemu. Magetsi akazima masana, wailesi ya aneba ikangoti zii, ndimasiya chilichonse chili m'manja n'kuthamangira pakhomo la pabalaza. Ndimaima pamene ndinkaima, n'kutchera khutu ngati alipo amene akuuza khoma kuti kuno kwatentha.